Nambala Seveni

Kwathu ku Katete mbewa timazikumba ndi khasu,
wina akufukiza utsi kuuna, wina akudikira pambuli.
Kuno ku Lusaka ndimazimwetsa madzi a m'botolo,
ndimazilembera manambala pakhola,
ndimazigwira nditavala magolovesi.
Amalume atamva za ntchito yangayi
anaseka mpaka kutsokomola.

Nambala seveni inali ndi bere.
Masiku khumi tinkaiika m'bokosi lagalasi
momwe mpweya wa benzini unkalowa pang'onopang'ono,
wochepa kwambiri moti mphuno siingaumve.
Siinakomoke. Siinasiye kudya.
Inkangopukuta ndevu zake ndi timanja tiwiri
n'kumandiyang'ana ngati ndili nayo ngongole.

Inaswa usiku wa Lachitatu, magetsi atazima,
jenereta ikubangula kuseri kwa labu.
Tiana tisanu ndi titatu, tofiira ngati nsonga za zala,
miyendo yokwanira, michira yokwanira.
Ndinatsala pang'ono kuomba m'manja.
Dokotala Hamoonga anati:
khungu silinena zonse, tiyang'ane mkati.

Mwana ali m'mimba, magazi ake amafulidwa m'chiwindi.
Kenako ntchitoyo imasamukira m'mafupa
monga banja lothawa madzi ku Kanyama,
katundu pamutu, kukayamba moyo kwina.
Koma mpweya uja, mayi akaupuma,
umatsika ndi magazi, n'kudutsa pamchombo
osagogoda,
n'kupeza amisiri akadali ana,
asanaphunzire n'komwe kugwira nyundo.

Ndiye ndimawerenga.
Diso limodzi pagalasi, chala pakachitsulo,
ke, ke, ke,
timidzi ta maselo tomera m'mbale.
Mbale za mbewa zopuma mpweya wabwino
zadzaza ngati msika wa Soweto Loweruka.
Mbale za ana a nambala seveni
zili ngati Cairo Road Lamlungu m'mawa:
apa mmodzi, apo awiri, kwinako zii.

Mubiana, mnzanga wa tebulo linalo, akuti ndisathamange.
Mbale zisanu si umboni.
Mwezi watha zina zinachuluka m'malo mochepa.
Ndiponso mbewa si munthu.
Akunena zoona, ndipo ndalemba momwemo m'buku,
ndi inki yabuluu, manambala oongoka.

Madzulo ndimatsika basi ndisanafike ku Mtendere,
pamalo omwetsera petulo
pomwe mlongo wanga Tasila amagwira ntchito.
Ovolosi yake sikutsekanso pamimba,
waimanga ndi chingwe cha nsapato.
Miyezi isanu ndi iwiri.
Amaima pakati pa mapampu kuyambira sikisi,
kuwerama pakamwa pa thanki iliyonse,
mpweya ukunjenjemera padzuwa ngati madzi.

Ndinamufunsa ngati fungoli silimupweteka mutu.
Akuti anasiya kulimva chaka chatha.
Akuti kamwanako kamapunda kwambiri
galimoto yodzatsitsa mafuta ikafika,
mwina kadzakhala kadalaivala.

Ndinati, pempha bwana akuike mushopu,
uzigulitsa buledi ndi mayunitsi mpaka uchire.
Anandiyang'ana, paipi ili m'manja:
Achimwene, mushopu muli mphwake wa bwana.
Lendi ndi pa fesiti.
Ndiye mwayamba kundiona ngati mbewa zanu zija?

Tinaseka tonse.
Ndinamugulira malalanje anayi kwa mayi wa pamphambano,
ngati kuti lalanje lingatseke khomo limene lija.

Minibasi inaimba hutala, iye anathamangira komweko,
dzanja limodzi kumsana.
Ine ndinaima pambali pa mpope wa mpweya wa matayala
ndipo chala changa, chosafunsa mwini wake,
chinayamba kugunda m'thumba:
ke, Corolla yoyera,
ke, lole ya mchenga,
ke, njinga yamoto, ke, basi ina.

Ndinafika pa makumi anayi ndi zitatu
dzuwa lisanalowe kuseri kwa zikwangwani.
Mawa lake nambala seveni inali ikuyamwitsa,
itagona chammbali, maso otseka,
tonse tisanu ndi titatu tikukankhana pamabere.
Ndinaithirira madzi atsopano.
Tsamba la tsikulo ndinalisiya kaye losalemba.